Nzeru Zimene Zinafika ku Manyika Mabuku Ake Asanafike

Mutare ndi mzinda wa m'malire ku Zimbabwe, m'dera la Manyika. Uli m'chigwa chozingidwa ndi mapiri, ndipo ukatsetsereka pang'ono chakum'mawa wafika pa chipata cha Forbes, kutsidya kwake ndi Machipanda wa ku Mozambique. Munthu akatsegula buku la mbiri ya filosofi sapezamo dzina la mzindawu. Amapezamo Athens, Baghdad, Paris ndi Königsberg. Komatu maganizo amene anaumbidwa m'mizinda imeneyo anafika kuno ku Manyika kalekale, mabuku ake asanafike. Anabwera ndi asilikali, ndi zikhomo za oyeza malo, ndi chitupa cha m'thumba mwa wantchito. Kuti timve m'mene zinakhalira, tiyambire kutali, kumene mafunso ake anayamba kulembedwa.

Zina mwa zolembedwa zakale kwambiri zofunsa za khalidwe loyenera munthu zinachokera mu Africa momwe muno. Ku Iguputo kunatsala malangizo odziwika ndi dzina la Ptahhotep, nduna yaikulu ya mfumu Djedkare Isesi cha m'ma 2400 Khristu asanabadwe. Mfundo yake yaikulu ndi kumvetsera. Woweruza asamudule pakamwa munthu wodandaula, amulole akhuthule zonse za kukhosi, chifukwa wovutika akamvedwa mtima wake umatsika ngakhale zopempha zake zisanachitike. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la mfumu kwathu, kapena pa dare la Amanyika, aona kuti nzeru imeneyi si yachilendo. Patapita zaka zambiri, Confucius ku China ankaphunzitsa kuti munthu amakhwima pochita bwino udindo wake kwa makolo, kwa abale ndi kwa wolamulira, pamene Buddha ku India ankafunsa gwero la kuvutika ndi njira yokuthetsera. Iyi ndiyo nthambi yakale koposa ya filosofi, ya makhalidwe: ndikhale nawo bwanji anthu anzanga?

Agiriki anaonjezapo chizolowezi chotsutsana poyera ndi kufuna chifukwa pa chilichonse. Thales wa ku Miletus, cha m'ma 600 Khristu asanabadwe, anati gwero la zinthu zonse ndi madzi. Yankholo linali lolakwika, koma funso lake linatsegula nthambi yachiwiri, yofufuza chimene chilipodi kuseri kwa zooneka ndi maso, imene lero amaitcha metafiziki. Heraclitus anati zonse zimasintha kosalekeza, Parmenides anati kusinthako n'chinyengo cha maso, Democritus anati zonse n'zopangidwa ndi tizidutswa tosagawika. Aliyense wa iwo ankayenera kuteteza ganizo lake pamaso pa omutsutsa.

Socrates sanalembe buku ngakhale limodzi. Ankayendayenda pamsika wa Athens n'kumafunsa akuluakulu tanthauzo la chilungamo, kulimba mtima ndi kupembedza, mpaka zioneke kuti zimene ankanyadira kuti akuzidziwa sankazidziwa. Mu 399 Khristu asanabadwe mzinda unamuzenga mlandu wosokoneza achinyamata ndi kusalemekeza milungu, ndipo anamwetsedwa chiphe. Wophunzira wake Plato anatsegula sukulu ya Academy cha m'ma 387, nazamitsa funso limene linabala nthambi yachitatu: kudziwa chinthu kumasiyana bwanji ndi kungochikhulupirira? M'buku lake la Republic anafunsanso kuti woyenera kulamulira mzinda ndani, ndipo apa filosofi ya ndale inazika mizu.

Aristotle (384–322), wophunzira wa Plato, ndiye anayala malamulo a kulingalira kolongosoka, lojiki, osonyeza nthawi imene mfundo yomaliza ikutulukadi m'mfundo zoyamba. Analembanso za nyama, za ubwenzi, za masewero ndi chimene chimawakometsa. Anaphunzitsa kuti khalidwe labwino limabwera pozolowera kuchita zabwino, ndiponso kuti munthu sangakhale wathunthu kunja kwa mudzi wa anthu anzake, mfundo imene agogo athu akanailandira ndi manja awiri. Koma m'buku lake la Politics ananenanso kuti anthu ena anabadwira ukapolo, ndipo kuwalamulira n'kuwachitira zabwino. Pano tiime pang'ono, chifukwa kuyambira apa mpaka ku Mutare nkhani yake ndi imodzi. Wanzeru amanena mfundo yokoma yokhudza munthu aliyense, kenaka n'kuimangira mpanda, ena mkati, ena kunja. Asitoiki, otsatira Zeno wa ku Citium, anayesa kuugwetsa ponena kuti anthu onse ali ndi nzeru imodzi ndipo dziko lonse ndi mudzi umodzi. Mmodzi wa aphunzitsi awo otchuka, Epictetus, anakulira muukapolo. Mpandawo sunagwe.

Chikhristu chitakula, filosofi inalowa m'nyumba ya chipembedzo. Augustine, mwana wa mu Africa wobadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anamwalira ali bishopu wa Hippo mu 430, analimbana ndi mafunso a nthawi, ufulu wosankha ndi gwero la choipa. Analongosolanso kwa Akhristu nthawi imene nkhondo ingakhale yolungama. Mabuku ambiri a Aristotle anasowa kumadzulo kwa Ulaya kwa zaka mazana, koma m'maiko a Chisilamu ankawawerenga m'Chiarabu ndi kuwatanthauzira akatswiri monga Ibn Sina (980–1037) ku Persia ndi Ibn Rushd (1126–1198) ku Córdoba. Zolemba zawo zinafika kwa Thomas Aquinas (1225–1274), wansembe wa chipani cha Dominiko, amene analuka pamodzi Aristotle ndi Baibulo. Aquinas anati nkhondo imalungama pakakhala zitatu: ailamule wolamulira wovomerezeka, pakhale chifukwa cholungama, ndipo cholinga chikhale chabwino. Mu 1539 ku Salamanca, Francisco de Vitoria anaonjezapo. Anavomera kuti anthu amene Asipanishi anawapeza ku America analidi eni ake a malo awo, kumene kunali kulimba mtima pa nthawiyo, koma anati akaletsa alendo kuyenda, kuchita malonda kapena kulalikira, ndiye kuti apereka chifukwa cha nkhondo.

Patangopita zaka 30, chiphunzitsochi chinaloza mfuti ku chigawo chathu chino. Mu 1561 wansembe wa Chijezuiti Gonçalo da Silveira anabatiza mfumu ya Mutapa, Negomo Mupunzagutu, koma patangotha milungu yochepa anaphedwa pa likulu pomwepo, mfumu itauzidwa kuti mlendoyo ndi kazitape ndiponso mfiti. Mu 1569 Mfumu Sebastião ya Portugal inafunsa bungwe lake la akatswiri a malamulo ndi zaumulungu, Mesa da Consciência, ngati kunali kolungama kuthira nkhondo Mutapa. Iwo anavomera: wansembe waphedwa, amalonda a Chipwitikizi alandidwa katundu, ndipo Asilamu akusungidwa m'dzikomo. Chimene chinkakoka mitima ku Lisbon chinali golide. Francisco Barreto ananyamuka chaka chomwecho ndi asilikali pafupifupi 1,000, nakwera Zambezi mpaka ku Sena. Akavalo atayamba kufa, anthu akugwa ndi malungo, anati ndi amalonda a Chisilamu a pamenepo awathira chiphe, nawapha mwankhanza. Barreto nayenso anafera ku Sena mu 1573. Wolowa m'malo mwake, Vasco Fernandes Homem, anadzera ku Sofala nafika ku Manyika, dziko la mfumu Chikanga, mu 1575. Anapeza kuti golideyo satoledwa pansi monga ankaganizira kwawo. Amakumbidwa movutikira, pang'onopang'ono, ndipo anabwerera. Dzina la Chikanga lero ndi la dera lina la mzinda wa Mutare, ndipo msika wakale wa golide wa Masekesa unali kutsidya kwa malirewa, pafupi ndi tawuni ya Manica.

Ku Ulaya funso la kudziwa linabweranso mwamphamvu. René Descartes, m'buku lake la 1637, anaganiza zokayikira chilichonse mpaka apeze chosakayikitsa, ndipo chimene anatsala nacho n'chakuti iye wokayikayo alipo. John Locke (1632–1704) anati maganizo onse amachokera m'zimene takumana nazo. David Hume anapita patsogolo n'kuonetsa kuti ngakhale chikhulupiriro chathu chakuti ichi chimayambitsa icho chimatsamira pa chizolowezi. Immanuel Kant anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, ndipo mu 1785 analemba mfundo imene ine ndimaiona kuti ndi imodzi mwa zokongola koposa m'mbiri yonseyi, yakuti munthu asagwiritsidwe ntchito ngati chida chabe, pakuti ulemu wake ulibe mtengo wougulira. Komabe Hume yemweyo mu 1753 analemba kuti amaganiza kuti anthu akuda ndi otsika mwachibadwa, ndipo Kant anasanja mitundu ya anthu n'kuika azungu pamwamba. Sikuti umboni wowatsutsa unalibe. Anton Wilhelm Amo, wochokera ku Axim m'dziko limene lero ndi Ghana, anateteza nkhani ya ufulu wa anthu akuda ku Ulaya pa yunivesite ya Halle mu 1729, nalandira udokotala wa filosofi ku Wittenberg mu 1734, naphunzitsa ku Halle ndi ku Jena.

Kwa anthu a ku Manyika, ganizo la Locke limene linadzawalemera kwambiri linali la nthaka. M'buku lake la za boma la 1689 anati Mulungu anapereka dziko kwa onse, koma munthu akasakaniza ntchito ya manja ake ndi nthaka, kuilima ndi kuitchingira, imakhala yake. Nthaka yosagwiridwa motero ikungowonongeka, ndipo wakhama angathe kuitenga. Iye ankaganiza za America, ndipo anali ndi masheya m'kampani ya Royal African yogulitsa akapolo. Taonani m'mene ganizoli limaonera tsala, dambo lodyetsera ng'ombe, nkhalango ya manda ndi phiri lopempherapo mvula: m'maso mwake onsewa ndi malo opanda mwini. Hegel, pophunzitsa ku Berlin m'zaka za m'ma 1820, anati Africa wa kumwera kwa Sahara alibe gawo m'mbiri ya dziko lapansi, pamene makoma a Great Zimbabwe anali chiimire, ndi mizere ya miyala yotchinga nthaka itakuta mapiri a Nyanga monga ikuonekera ku Ziwa mpaka lero. John Stuart Mill anateteza ufulu wa munthu m'buku la On Liberty mu 1859, koma m'buku lomwelo anati ufuluwo si wa mitundu imene iye ankaiona kuti ndi yosakhwima. Anali atagwira ntchito zaka 35 ku East India Company.

Pa 14 September 1890 nthumwi za British South Africa Company ya Cecil Rhodes zinachita pangano ndi Mambo Tendai Mutasa, mfumu ya Amanyika. Apwitikizi anati derali ndi lawo, ndipo mu November Patrick Forbes wa kampaniyo anamanga akuluakulu awo, Paiva de Andrada ndi Gouveia, pamudzi wa Mutasa pomwepo. Pangano la Britain ndi Portugal la June 1891 linadula Manyika pakati, ndipo ndi lomwelo linajambula malire a Nyasaland ndi Mozambique. Linga loyamba la Umtali (dzina lakale la Mutare) linamangidwa pafupi ndi Penhalonga. Tawuni inasamukira pamene lero pali Old Mutare, kenaka mu 1896 inasamukanso kudza pano chifukwa njanji yochokera ku Beira sikanatha kukwera mapiri a Christmas Pass.

Mu 1918 mlandu wa mwini nthaka ya Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) unafika ku bwalo la Privy Council ku London. Kampani inati nthaka ndi yake, atsamunda okhazikika anati ndi yawo, ndipo panali oimirira eni dziko. Lord Sumner, polemba chigamulo, anati pali mitundu ina yotsika kwambiri m'kakhalidwe kotero kuti maganizo ake pa za umwini sangagwirizane ndi malamulo a anthu otukuka. Nthaka inagamulidwa kuti ndi ya Ufumu wa Britain. Ukamawerenga chigamulochi umamva mawu a Aristotle, Locke ndi Hegel akutuluka m'kamwa mwa woweruza. Lamulo la Land Apportionment la 1930 linapereka pafupifupi theka la dziko kwa azungu, amene anali pafupifupi 50,000 pakati pa anthu akuda okwana miliyoni imodzi.

Mabuku anafika pambuyo. Tawuni itasamuka, Bishopu Joseph Hartzell wa mpingo wa Methodist Episcopal wa ku America anafika mu 1897 napempha nyumba zosiyidwazo, ndipo kampani inamupatsa pamodzi ndi maekala pafupifupi 13,000. John Wesley, gwero la mpingowo, ankaphunzitsa lojiki ku Oxford ndipo mu 1774 analemba kabuku kodzudzula ukapolo. Choncho mishoni inaima pa nthaka yolandidwa itanyamula chiphunzitso chakuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Ku Penhalonga, mishoni ya Anglican ya St Augustine's inatsegula mu 1939 sekondale yoyamba ya ana akuda m'dziko lonselo. Ana a m'masukuluwa anawerenga mfundo zija n'kufunsa chifukwa chake iwo ali kunja kwa mpanda. Herbert Chitepo, wobadwira ku Watsomba mu 1923, anadzera ku Bonda ndi ku St Augustine's, ku Fort Hare ndi ku London, nakhala loya woyamba wakuda woimirira milandu m'makhoti aakulu a Southern Rhodesia mu 1954. Lamulo la nthaka lija anachita kulisintha kuti apeze ofesi pakati pa maloya anzake mu Salisbury (lero Harare). Anaphedwa ndi bomba ku Lusaka pa 18 March 1975. Abel Muzorewa, wobadwira ku Old Umtali mu 1925, anatsogolera anthu kukana mgwirizano wa Britain ndi boma la azungu la Ian Smith pamene komiti ya Pearce inabwera mu 1972 kudzamva maganizo awo. Mfundo yawo inali ya Locke yemwe uja, yakuti boma limayenera pokhapokha olamulidwa atalivomera. Ena anatenga Karl Marx, amene ankafuna kuti nzeru isinthe dziko osati kungolitanthauzira, nawoloka mapiri kupita ku misasa ya omenyera ufulu ya ku Chimoio, ku Mozambique.

Koma amene anamuyankha Locke maso ndi maso sanali wa ku yunivesite. Rekayi Tangwena, mfumu ya anthu a ku Gaeresi m'mapiri a Nyanga, anauzidwa m'zaka za m'ma 1960 kuti iye ndi anthu ake ndi olowerera pa famu ya mzungu, chifukwa malowo anagulitsidwa kalekale iwo osadziwa. Anakana kusamuka. Mtsutso wake unali wosavuta kumva: makolo ake anali pamenepo azungu asanabwere, manda awo ali pomwepo, ndipo palibe wa iwo anagulitsa malowo. Kuseri kwa mawu amenewa kuli ganizo lina lathunthu la umwini, lakuti wamoyo sakhala mwini nthaka yekha, amaisungira amene anapita ndi amene akubwera. Mu 1968 anapambana apilo ku khoti lalikulu. Boma litagonja m'khoti linatulutsa chilengezo chapadera, ndipo mu 1969 linatumiza apolisi ndi magalimoto ogumulira nyumba. Anthu anamanganso, zinagumulidwanso, ndipo ambiri anakakhala m'nkhalango za m'mapiri. Mu April 1975 ndi Tangwena amene anawolotsa Robert Mugabe ndi Edgar Tekere kulowa ku Mozambique.

Nthawi yomweyo m'mayunivesite munali mkangano wakuti kodi filosofi ya Aafirika ilipo. Placide Tempels, wansembe wa ku Belgium amene ankagwira ntchito pakati pa Aluba ku Congo, anatulutsa buku la filosofi ya Abantu mu 1945. Alexis Kagame wa ku Rwanda mu 1956 anafufuza maganizo obisika m'chiyankhulo cha kwawo. John Mbiti wa ku Kenya mu 1969 anati Mwafirika amadzidziwa kudzera mwa anthu ake. Paulin Hountondji wa ku Benin anawatsutsa, nati kusonkhanitsa zikhulupiriro za fuko lonse si filosofi ngati palibe munthu wotchulika dzina amene akutsutsa ndi kutsutsidwa. Henry Odera Oruka anayankha popita kumidzi ya ku Kenya kukacheza ndi nkhalamba zoganiza mozama, zina zotsutsa ndithu miyambo ya kwawo. Ndikaganiza za Tangwena ndimaona kuti Oruka ankafufuza pamalo poyenera.

Mu 1980, chaka cha ufulu, Stanlake Samkange ndi mkazi wake Tommie Marie anatulutsa buku la Hunhuism or Ubuntuism, lofuna kuti dziko latsopano limangidwe pa umunthu. Mfundo zake zodziwika ndi zitatu: umakhala munthu pozindikira umunthu wa ena; chuma chikapikisana ndi moyo wa munthu, usankhe moyo; mfumu imakhala mfumu mwa kufuna kwa anthu ake. Mu 1992 pa malo a Hartzell aja panatsegulidwa Africa University ndi ophunzira 40, motsogozedwa ndi John Wesley Kurewa, ndipo lero amaphunzirako achinyamata a m'maiko ambiri a mu Africa. Mfundo yachiwiri ya Samkange inayesedwa m'boma lomweli la Mutare. Mu 2006 mbiri ya dayamondi inamveka ku Chiadzwa, m'dera la Marange. Kumapeto kwa 2008 asilikali anatumizidwa kukathamangitsa okumba, ndipo bungwe la Human Rights Watch linalemba kuti anthu oposa 200 anaphedwa. Kenaka mabanja ambiri anasamutsidwira ku ARDA Transau pafupi ndi Odzi kuti makampani akumbe. Analibe pepala loti aonetse, pakuti lamulo la Communal Land la 1982 limaika nthaka ya m'midzi m'manja mwa Pulezidenti. Dzina la mwini linasintha kuchokera pa chigamulo cha 1918, koma mlimi wa kumudzi sanakhalebe mwini.

Ife olankhula Chichewa tili ndi chifukwa chathuchathu chosamalira kuti umunthu nawo usamangiridwe mpanda. Malemu Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa filosofi ku Chancellor College ku Zomba, anachenjeza kuti tisamanene za Mwafirika ngati kuti onse amaganiza chimodzi, ndiponso kuti gulu lisamumeze munthu payekha. Zoonadi, amene anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndi omwewonso anati anthu ndi mchenga, saundika. Funso lowawa ndi ili: ngati munthu amakhala munthu chifukwa cha abale, mudzi ndi mfunda wake, nanga wobwera wopanda zonsezi ndi ndani? Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna zikwizikwi a ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia anatsika wapansi kudzagwira ntchito m'migodi ya golide monga ya Penhalonga, m'mafamu, m'minda ya mitengo ndi ya tiyi, ndi panjanji. Kwawo ankatchedwa matchona. Kuno ankatchedwa mabhurandaya, ndipo ena ankawanyoza kuti ndi anthu opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda. Anabwera ndi gule wamkulu, ndi mizikiti, ndi mabungwe othandizana pamaliro, amene ankaonetsetsa kuti wofera kutali ndi kwawo aikidwe ngati munthu. Ana awo anabadwira ku Sakubva mu Mutare ndi m'makomboni a m'mafamu, osadziwa kwina.

Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa. Aliyense amene ankaganiziridwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina kudzera mwa makolo anayenera kuukana motsata malamulo a dzikolo m'miyezi 6, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ambiri analibe ndalama, mapepala, ngakhale uthenga womwe. Ena ankauzidwa kukana unzika umene sanakhalepo nawo. Zitupa zawo zinawatchula kuti ndi alendo, ndipo pa chisankho cha 2002 ambiri sanavote. Izi zinachitika pamene mafamu amene ankagwirako ntchito ankagawidwa, ndipo ochepa okha mwa iwo analandirako malo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la SADC. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International linapeza kuti zidzukulu zambiri za anthu amenewa zikadalibe zitupa, chifukwa kuti mwana alembetsedwe pamafunika mapepala a kholo, ndipo kholo lilibe. Ana otere ankaphunzira mpaka nthawi ya mayeso a boma, n'kubwezedwa chifukwa chosowa setifiketi ya kubadwa.